Kumvana kwa Odwala ndi Achipatala ku Mitundu ndi ku Nathenje

Munthu wokhala m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama, kwa Masula kapena kwa Masumbankhunda, akafuna kukaonana ndi dokotala amalaŵira nkhuku zisanatsike. Ena amakwera njinga ya kabaza, ena amagonekedwa m'ngolo ya ng'ombe, koma ambiri, makamaka amai, amayenda pansi mwana ali kumsana. Dzinja ulendo umatalika, chifukwa mitsinje yochokera m'mapiri amenewo, monga Lilongwe ndi Diamphwe, imadzaza pamodzi ndi makwaŵa ake. Akafika ku chipatala cha Mitundu, kapena ku Nathenje kwa iwo okhala cha ku mseu wa ku Dedza, amapeza anzao atandanda kale pa benchi. Amadikira mpaka dzuŵa litakwera. Tsono nthaŵi yake ikakwana amaloŵa m'chipinda, nakhalamo mphindi zoŵerengeka, natuluka ndi kabuku kolembedwa m'Chingerezi. Phindu la ulendo wonsewo, la ndalama ya kabaza ndi la ntchito ya kumunda imene yaima tsiku limenelo, lagona pa mau amene anthu aŵiriwo alankhulana m'mphindi zochepazo.

Ambiri amayesa kuti ntchito ya chipatala ndi jakisoni, diripi ndi mapiritsi basi, ndipo kuti kulankhula nkongokometsera. Koma mankhwala ambiri samwedwa pamaso pa dokotala. Amakamwedwa kumudzi, usiku, m'nyumba mopanda namwino, ndipo amene amaŵerenga mibulu ndi mai kapena gogo amene adamva, kaya sadamve, zimene zidanenedwa pa windo. Ndiponso matenda ochuluka dokotala amayamba kuŵazindikira pomva zimene wodwala akufotokoza, asanakhudze nkomwe thupi lake. Pamwamba pa izi pali chovuta china chimene sichitchulidwa kaŵirikaŵiri. Anamwino ndi madokotala amaphunzira ntchito yao m'Chingerezi, kaya ndi ku Malawi College of Health Sciences, kaya ku Nkhoma, kaya ku sukulu ya anamwino ya Kamuzu imene idatsegulidwa mu 1979 ndipo tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Mabuku ndi mayeso ao nza m'Chingerezi, pamene wodwala wa ku Mitundu amafotokoza ululu wake m'Chicheŵa, ndipo nthaŵi zambiri m'Chicheŵa chophiphiritsa. Motero wachipatala aliyense ndi womasulira tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti palibe adamlemba ntchito imeneyo.

Kwa Mcheŵa nkhani siyamba popanda malonje. Mlendo akafika pakhomo amampatsa pokhala, namfunsa za kumene wachoka, ndipo chimene wadzera chimabwera pambuyo. Wodwala akaloŵa m'chipinda napeza dokotala ataŵerama, akulemba, dzanja lokha litatambasuka kuti lilandire kabuku, amadziŵa pomwepo kuti muno mufunika changu, ndipo amayamba kusankha zoti anene ndi zoti atsale nazo. Komatu mau akuti, "Khalani apa, amai, mwayenda bwanji?" sadya nthaŵi. Kutchula munthu pa mfunda wake, aNabanda, aNaphiri, aPhiri, kumamkhazika mtima pansi koposa kumuitana ndi dzina la matenda ake, monga "wa chifuwa uja aloŵe". Nkhalamba imene yanenedwa kuti "iwe" ndi munthu wa msinkhu wa mdzukulu wake siikangana ai. Imalandira mankhwala, nkuthokoza ndi manja aŵiri, koma ulendo wina imakagula mapiritsi ku golosale.

Pambuyo pa moni pali funso loyamba, ndipo ambiri amaphonya pomwepa. Mu 1984 ofufuza aŵiri a ku America, Beckman ndi Frankel, adajambula mau a madokotala pocheza ndi odwala, napeza kuti wodwala ankadulidwa pakamwa atangolankhula masekondi 18, ndipo oŵerengeka okha ndiwo ankatsiriza zimene adayamba kunena. Madokotala amaopa kuti akamlekerera munthu, adzafotokoza mpaka madzulo. Koma mu 2002 ku Basel, m'dziko la Switzerland, adayesa kuŵalekerera odwala osaŵadula, ndipo kudapezeka kuti ambiri ankatsiriza okha mphindi ziŵiri zisanathe. Ku Switzerland si ku Nathenje, nzoona, ndipo mzere wa kuno ngwautali. Komabe chimene chidaonekacho nchodziŵika kwa aliyense amene adakhalapo pa bwalo la milandu: munthu wodulidwa pakamwa amabwereza nkhani yake kuyambira pachiyambi, kotero kuti wofulumirayo ndiye amachedwa. Funso lakuti, "Mutu ukupweteka? Mukusanza?" limabala "inde" ndi "ai" basi, ndipo wodwala waulemu amavomera zonse. Funso lakuti, "Tandifotokozereni mmene zidayambira," limatsegula njira yoti munthu anene zimene dokotala sakadaganiza kufunsa.

Kumva kwenikweni kumafuna khutu lodziŵa chinenero cha anthu a dera limenelo. Mai akati "ndadwala", mwina akunena za pathupi. Akati "sindikusamba", sakunena za madzi ndi sopo. Akati "ndidapita padera", watchula imfa imene mwina sadailire pamaso pa munthu aliyense. Bambo amene akuti "m'thupi simukuyenda bwino" kapena "msana wafooka" angakhale akunena za mphamvu za m'banja, ndipo akapatsidwa panado amatuluka osathandizidwa, dokotala nkumayesa kuti wathandiza. "Mtima ukuthamanga" angakhale matenda a kuthamanga kwa magazi, kapena kuchepa kwa magazi, kapenanso nkhaŵa ya ngongole ya feteleza. Mau ophiphiritsa otere ndi ulemu, si umbuli. Wachipatala wanzeru amayamba ndi mau omwewo amene wodwala wasankha, kenaka nkufunsa mofatsa mpaka atatsimikiza kuti onse aŵiri akunena chinthu chimodzi.

Pali funso lina limene limaiŵalika, chonsecho ndi lamtengo wapatali: "Nanga kunyumba akuti nchiyani?" Munthu safika ku chipatala mutu uli wopanda kanthu. Asananyamuke, agogo, apongozi ndi anansi amakhala atanena kale maganizo ao. Mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi nkufiira ndi kupyapyala, akuluakulu a m'midzi ya Acheŵa amati ndi tsempho, ndiko kuti mmodzi mwa makolo sadasunge mwambo wa m'nyumba. Achipatala amati ndi kuperewera kwa zakudya m'thupi. Apa mpofunika kuzindikira katundu amene maiyo wasenza. Mau akuti tsempho ali ndi mlandu m'kati mwake, pakuti amaloza chala mwamuna kapena mkazi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mwana wotere amafikira mochedwa, atayamba wazungulira kwa asing'anga. Namwino akayankha kuti, "Zimenezo nzachikale, inu simumdyetsa mwanayu," waonjeza mlandu wachiŵiri pa woyamba. Maiyo amangoŵerama, koma mumtima amadziŵa kuti akabwerera kumudzi akakhala ndi agogo aja, osati ndi namwino. Kuli bwino kumva nkhani yonse, kumuyamikira kuti wabwera, kumuonetsa mmene chala chikusiyira dzenje pa phazi la mwana, ndi kumfotokozera ntchito ya chiponde cha kuchipatala, chimene ndi mankhwala a mwana wodwalayo yekha, osati chakudya chogaŵana ndi abale ake. Pambuyo pake nkufunsa zimene zilipo pakhomo: nsinjiro, soya, dzira, usipa, masamba. Kulangiza mai za nyama ndi mkaka mwezi wa Febuluwale, nkhokwe itapenya kumwamba, nkumchititsa manyazi chabe.

Chimodzimodzi ndi liwombo. Mwana akatsekula m'mimba liwombo nkuloŵa m'kati, ambiri amathamangira kumata mankhwala pamutu. Chimene chachitika nchakuti madzi atha m'thupi, ndipo chofunika ndi paketi ya Thanzi yosungunulidwa m'lita imodzi ya madzi aukhondo, mapiritsi a zinki, ndi kupitiriza kuyamwitsa. Kukangana za phala la pamutulo sikupulumutsa mwana. Kuonetsa mai kukula kwa lita imodzi ndi botolo lenileni m'manja kumapulumutsa. Ndipo pali pena pamene kudzudzula kumaika moyo pachiswe. Amai ena apakati amamwa mwanamphepo kuti matenda ayambe msanga, ndipo mankhwala ameneŵa angachititse chiberekero kukoka mopitirira muyeso. Mzamba wa kuchipatala ayenera kudziŵa ngati mai wamwa, asanampatse mankhwala ena ofulumizitsa. Koma mai amene adamva mnzake akukalipiridwa dzulo adzakana mpaka kulumbira. Funso lofatsa lakuti, "Amai ambiri amapatsidwa kena kake kumudzi asanabwere, inu adakupatsani chiyani, ndipo nthaŵi yanji?" limapeza choonadi chimene ukali sungachipeze.

Tsono pa kupereka malangizo a mankhwala. Kuyambira mu 2007 mankhwala oyamba a malungo m'Malaŵi ndi LA, amene adaloŵa m'malo mwa Fansidar. Fansidar ankamwedwa kamodzi, nkhani nkutha. LA amamwedwa kasanu ndi kamodzi pa masiku atatu: koyamba pomwepo, kachiŵiri pakapita maola 8, kenaka m'maŵa ndi madzulo kwa masiku aŵiri otsatira, ndipo amaloŵa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono. Mwana amayamba kuseŵera tsiku lachiŵiri, ndipo mai wosunga bwino zinthu amaika mibulu yotsala patsindwi kuti idzathandize tsiku lina. Pa windo adafunsidwa kuti, "Mwamva?" ndipo adati, "Eya, ndamva." Palibe munthu waulemu amene angayankhe mwina anthu makumi atatu ali kumbuyo kwake. Njira yotsimikizika ndi kumpempha kuti abwereze yekha, koma mosamchititsa manyazi: "Kuti ndione ngati ndafotokoza bwino, mukakafika mukaŵauza bwanji bambo a mwanayu za kamwedwe kake?" Pamenepo cholakwa chikapezeka chimakhala cha wofotokoza, ndipo chimakonzedwa munthu asanatuluke pa geti.

Acheŵa ndi eni chilangizo kuyambira kale. Ali ndi anamkungwi a ku chinamwali, ankhoswe a m'banja, ndi amai achikulire amene amalangiza mtsikana wa pathupi poyamba. Koma chilangizo cha mtundu umenewo ndi cha wamkulu kulankhula, wamng'ono ataŵerama, akuomba m'manja. Uphungu wa kuchipatala uli ndi khalidwe lina. Phungu amalankhula pang'ono namvetsera kwambiri. Amapereka zoona zake za matendawo, koma chosankha amasiyira mwini moyo, chifukwa ndiye akakhale nacho. Kusiyana kumeneku nkovuta kwa onse aŵiri. Wachipatala adakula akulangizidwa, ndipo pakamwa pake pamafulumira kunena kuti "muyenera". Wodwala naye amayembekeza kuuzidwa, ndipo akafunsidwa maganizo ake amati, "Mudziŵa ndinu adokotala." Kuvomera kotere sikutanthauza kuti wagwirizana nazo.

Matenda a Edzi ndiwo adaonetsa poyera kukula kwa nkhaniyi. Wodwala woyamba m'Malaŵi adapezeka mu 1985, ndipo kwa zaka zambiri phungu analibe china chopatsa munthu koma mau okha. Mu 2004 boma lidayamba kupereka ma ARV aulere, ndipo ntchito ya uphungu idasanduka yothandiza munthu kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku moyo wake wonse. Mu Julayi 2011 dziko la Malaŵi lidakhala loyamba kutsata njira yotchedwa Option B+, yakuti mai aliyense wapakati kapena woyamwitsa wopezeka ndi kachilombo ka HIV ayambe mankhwala pomwepo, osadikira kuti chitetezo cha m'thupi chitsike. Phindu lake lidaoneka msanga: amai otere oyamba mankhwala pa miyezi itatu adachoka pa 1,257 pakati pa chaka cha 2011 kufika pa 10,663 m'gawo lachitatu la 2012, ndipo maiko ena adatengera njirayi. Koma kafukufuku wofalitsidwa mu 2014, amene adatsata amai 21,939, adapeza kuti 17 mwa amai 100 alionse adasoŵa miyezi isanu ndi umodzi isanathe, ndipo amai oyamba mankhwala ali ndi pakati ndiwo ankachuluka kwambiri pakati pa amene sadabwererenso nkomwe pambuyo pa tsiku loyamba.

Chifukwa chake sichovuta kuchiona. Mai wachoka kunyumba ali bwinobwino, wadzera sikelo. Dzuŵa lisanapendeke wamva kuti ali ndi kachilombo, ndipo m'chitenje mwake muli botolo la mankhwala a moyo wonse. Munthu wongomva uthenga wotere makutu ake amatsekeka. Phungu angalankhule mphindi makumi aŵiri za chitetezo cha m'thupi, iye akuganiza chinthu chimodzi chokha, ndicho nkhope ya mwamuna wake madzulo a tsiku lomwelo. Phungu waluso akanena zotsatira momveka, amakhala chete, ngakhale kuti chetelo ndi lolemera. Akatero amafunsa zimene zili mumtima mwa maiyo: akauza yani, botolo akasunga pati, ndipo bambo wa kunyumba akamva angachite chiyani. Ngati pali mantha a kumenyedwa kapena kutha kwa banja, zimenezo ziyenera kukambidwa lero lomwe, pamodzi ndi njira yoitanira mwamunayo kuti adzayezedwe onse aŵiri ndi kumvera pamodzi. Bungwe la mothers2mothers, limene lidayamba ku Cape Town mu 2001 ndi kufika m'Malaŵi mu 2008, lidaona kuti mau akuti "inenso ndimamwa, ndipo mwana wanga alibe" ochokera kwa mai mnzake amaloŵa pamene mau a munthu wa yunifolomu amalephera.

Zonsezi zimaima pa chinsinsi. M'tauni wodwala ndi namwino akasiyana pa khomo mwina sadzaonananso. Ku Mitundu kapena ku Nathenje amakumana ku msika, ku tchalitchi, ku chigayo ndi pa maliro. Mlangizi wa zaumoyo amakhala m'mudzi momwemo, natunga pa mjigo womwewo. Liwu limodzi lothaŵa pakamwa pa mkazi wake kapena pa bawo limafika tsidya lina la dambo dzuŵa lisanaloŵe, ndipo anthu a mudzi umenewo amayamba kulambalala chipatala chao nkumakalandira mankhwala kutali, kumene sadziŵika, mpaka tsiku limene ndalama ya ulendo idzasoŵa. Chinsinsi chimaululikanso popanda woulula: chitseko chosatseka, nsalu yotchinga yoperewera, kufunsa za kumaliseche mokweza mau anthu a pa benchi akumva.

Chinanso chimene wachipatala wochokera kwina ayenera kuphunzira ndi chakuti wokhala pa mpando wa wodwala si nthaŵi zonse amene ali ndi mphamvu yosankha. Mai akauzidwa kuti mwana wake atumizidwe ku Kamuzu Central, kapena kuti iye mwini akachirire ku Bwaila, nayankha kuti, "Ndikafunse kaye," si mwano. Kumbuyo kwake kuli mwamuna wosunga ndalama, kuli amai ake, kuli atsibweni, eni mbumba, amene adzafunsa kuti adaloleza ndani zinthu zikavuta. Kukangana ndi mai wotere pa ola la ngozi nkuchedwa kale. Nkhaniyi malo ake ndi ku sikelo, miyezi ikadalipo: ndani adzapereka chilolezo, ndalama ya ulendo ili kuti, adzatsala ndi ana ndani mai akapita ku chidikiro.

Za matenda a maganizo anthu sabwera nazo poyera. Amabwera ndi mutu wosatha, kusoŵa tulo, kuphwanya kwa m'thupi, ndipo kabuku kao kamadzaza ndi panado. Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda adaphunzitsa amai achikulire kukhala pa benchi kunja kwa chipatala ndi kucheza ndi anthu ovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza kwambiri. Agogowo salamula. Amamvetsera, nathandiza munthu kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankha limodzi lotheka, ndi kupeza yekha choyamba kuchita. Zotsatira zofalitsidwa mu 2016 zidaonetsa kuti patapita miyezi isanu ndi umodzi, mwa anthu 100 ocheza ndi agogowo pafupifupi 14 okha ndiwo adali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa olandira chithandizo cha masiku onse adali pafupifupi 50. Njirayi idayesedwanso m'zipatala zina za mu Lilongwe. Chodabwitsa nchakuti aphunguwo sadali anthu a masukulu apamwamba, ndipo amai a msinkhu umenewo ngosasoŵa kwa Chiseka ndi kwa Chadza.

Mau amagwiranso ntchito kunja kwa chipinda. Alangizi a zaumoyo a lero adachokera kwa anthu otemera nthomba ndi kwa othandiza pa mliri wa kolera wa 1973, ndipo kuyambira kale chida chao chachikulu ndi pakamwa. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, woopsa koposa yonse m'mbiri ya dziko lino, udagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, ndipo boma la Lilongwe lidali limodzi mwa okhudzidwa kwambiri. Pamodzi ndi matendawo padafala mphekesera zakuti achipatala ndiwo akupha anthu, kotero kuti m'madera ena ogwira ntchito adachitidwa chipongwe. Mbali ina ya mkwiyowo idachokera ku maliro. Banja limene lauzidwa kuti lisasambitse m'bale wao, popanda wolifotokozera kuti thupi la womwalira ndi kolera likadali ndi tizilombo, limaona ngati pali chobisika. Kumene mfumu ndi akuluakulu a mpingo auzidwa chifukwa chake, achibale nkuloledwa kuona zonse zimene zikuchitika ndi kupemphera, malangizo omwewo amalandirika mosavuta.

Achipatala ali nalo dandaulo lao, ndipo ndi loona. Namwino mmodzi amene wachezera usiku ku chipinda chochirira, m'maŵa nkupeza mzere wafika ku mtengo wa panja, mankhwala ena atatha m'nkhokwe, sangakhale wokoma pakamwa nthaŵi zonse, ndipo kumuuza kuti azimwetulira popanda kumuonjezera anzake ndi kumnyoza. Ichi ndi cha akuluakulu a Unduna wa Zaumoyo. Odwala nao ali ndi gawo lao, pakuti safunsa adadya phula: ndi ufulu wao kufunsa dzina la matenda, ntchito ya mankhwala ndi tsiku lobwereranso, ndipo akachitidwa mwano pali komiti ya chipatala yokatulako nkhaŵa. Komabe zambiri mwa zimene zanenedwa pano sizifuna nthaŵi yoonjezera, koma kusintha kagwiritsidwe ka mphindi zomwe zilipo.

Chitsanzo chake ndi ichi, chimene madokotala a maiko ambiri amachidziŵa. Wodwala wafotokoza za chifuwa, walemberedwa mankhwala, waimirira; dzanja lili pa chitseko amacheuka nati, "Komanso adokotala, pali kena kake kakang'ono." Kakang'onoko kaŵirikaŵiri ndiko kamene kamuyendetsa ulendo wonse uja: chotupa cha m'bere, magazi otuluka mai atasiya kale kusamba, chilonda cha kumaliseche, kapena nkhanza za kunyumba. Chifuwa chidali chongoyambira, poyesa ngati munthuyu ngwomvetsera. Pa nthaŵi imeneyo kabuku katsekedwa, wotsatira waloŵetsa kale mutu pakhomo, ndipo nkhani yaikuluyo imayankhidwa mothamanga kapena kuuzidwa kuti idzabwere tsiku lina. Nchifukwa chake aphunzitsi a ntchitoyi amati funso lakuti, "Pali chinanso chimene mwadzera?" lifunsidwe koyambirira, wodwala atangotsiriza dandaulo lake loyamba, ndipo libwerezedwe mpaka atati palibe, kenaka aŵiriwo agwirizane choyamba nacho, cholembera chisanakhudze pepala.